Mchere wa m'mabanzi

Mabanzi amenewa alibe dzina lenileni kwathu kuno. Mkazi wanga ankangoti mabanzi opiringiza, chifukwa ukawayang'ana pamwamba amaoneka ngati nkhata yaing'ono, ndipo m'mizere yakeyo mumakhala shuga ndi sinamoni. Anaphunzira kwa bambo ake, amene anagwira ntchito yophika zaka zambiri pa famu ina ku Joni. Bambowo ine sindinawaone, anamwalira ife tisanadziwane. Akuti anabwerako ndi sutikesi imodzi ndi kaphikidwe kameneka, ndipo mwa ana awo onse amene anakagwira anali mkazi wanga yekha.

Tinkakhala ku Mlangeni, m'nyumba ya aphunzitsi pa sekondale ina yoyendera, kumene ndimaphunzitsa masamu mpaka lero. Uvuni tinalibe. Iye ankawotchera m'sufuriya yaikulu pa mbaula, n'kuvundikira ndi lata, makala ena n'kuika pamwamba pa latalo. Ankapanga Loweruka likakhala lopanda maliro ndiponso lopanda zochapa zambiri. Ine ndinkakhala patebulo ndi makope a ana, ndipo mabanziwo ndinkakumana nawo atapsa kale.

Anamwalira m'dzinja, pobereka mwana wathu wachiwiri. Khandalo nalo silinakhale moyo. Tinakawaika kwawo kwa mkazi wanga, kumunsi kwa Kandeu. Za masiku amenewo sindilemba.

Tinatsala awiri, ine ndi mwana wathu woyamba, wamkazi, amene anali mu sitandade wani. Kwawo kwa mkazi wanga ana ndi a kuchikazi. Zimenezi ndinkazidziwa pokwatira, koma ndinkazidziwa patali, monga munthu amadziwira kuti tsiku lina adzakalamba. Maliro atatha, apongozi anga, mayi ake a malemu, anandilola kubwerera naye mwanayo chifukwa cha sukulu.

Anati, "Pitani naye kaye, bambo. Za mwanayu tidzakamba posudzula."

Ndiye kuti tsiku limene akuchikazi adzandimasule, kundiuza kuti ukwati watha ndipo ndingathe kukwatiranso, n'kugawa katundu wa malemu, ndi tsiku lomwelonso adzanene kumene mwana azikhala. Ine za kukwatiranso zinalibe malo m'mutu mwanga. Ndinkangofuna mwanayo.

Panalinso mawu ena amene sananenedwe pamaso panga. Mkazi akamwalira pobereka, sipalephera kukhala anthu onena kuti mwamunayo ankayenda kunja mkazi ali woyembekezera. Achimwene anga, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu, anawamva mawuwo pasiwa, ndipo anandiuza tili m'minibasi pobwerera. Ndinatembenukira kuwindo. Mwana anali atagona pamiyendo panga, ndipo sindinafune kuti adzuke.

Miyezi yotsatirayo ndimangoikumbukira ngati ntchito. Kukoleza mbaula, kutenthetsa madzi, phala, kumuperekeza ku pulayimale, kuthamangira m'kalasi mwanga, kubwerako, kuphika, kuchapa. Ndinkaphunzitsa nditaima pafupi ndi khoma kuti ndiziyedzamira. Zambiri ndinazizolowera, koma tsitsi linandikanika. Ndikamupesa ankalira. Nditanena zomumeta anakana, akuti amayi ake ankamuluka. Mphunzitsi mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, mayi wolera yekha ana ake awiri, anayamba kumamuluka Lamlungu masana pakhonde pake. M'nyumba mwanga sanalowemo. Ndinkathokoza nditaima kuseri kwa mpanda.

Kenako kunabwera chisanu. Ku Mlangeni m'miyezi imeneyo chifunga chimatha kukhala pa minda ya mbatatesi mpaka dzuwa litakwera, ndipo madzi a m'ndowa amaluma zala. Mwana anayamba kutsokomola, monga ankachitira anzake ambiri m'kalasi mwake. Kuchipatala anatipatsa mankhwala akumwa, n'kunena kuti tizimuveka zofunda, chidzatha kukayamba kutentha.

Uthenga unabwera woti mwambo udzachitika sukulu zikangotsekera. Achimwene anandiimbira foni.

"Mwanayo akumufuna, usadzinamize," anatero. "Akuti mwamuna yekha sangalere mwana wamkazi. Upite naye akuoneka bwino. Ndipo za malamulo zako usakatchuleko. Ukangoti khoti, basi, anthuwo sadzakumveranso."

"Ndiye ndikanene chiyani?"

"Iwe ukakhale chete. Wolankhula ndine."

Kukhala chete sikundivuta. Koma ndinkafuna kuti apongozi aone chinachake ndi maso awo.

Za mabanzi anayambitsa ndi mwanayo. Tikudya madzulo ena anandifunsa kuti, "Adadi, kwa agogo tipita chimanjamanja? Amayi ankanyamula mabanzi."

Zinali zoona. Ulendo uliwonse wa ku Kandeu mkazi wanga ankawotcha sufuriya yodzaza, chifukwa mayi ake ankawakonda, poti anali mabanzi a mwamuna wawo. Ndinaganiza kuti ndikafika nawo, owotcha ndekha, ndiye kuti ndanena zimene pakamwa panga sipakanatha kunena: kuti m'nyumba muno moto ukuyakabe, ndipo mwana akudya zimene ankadya mayi ake ali moyo.

M'kabotolo ka sinamoni kamene malemu anasiya munatsala fungo lokha. Ndinakagula wina ku boma, pamodzi ndi fulawa, isiti ndi majarini. Ndinaonera pa foni mmene ena amapangira, koma onsewo anali ndi uvuni wamagetsi ndi nyumba zofunda. Loweruka loyamba ndinasungunulira isiti m'madzi otentha kwambiri. Mtanda sunafufume, ndipo zimene zinatuluka m'sufuriya tinachita kuviika mu tiyi kuti zitafunike. Loweruka lotsatira madzi ndinawayesa bwino pamkono, koma mtanda unangokhala m'beseni patebulo masana onse, wozizira ngati dothi.

Mwana anauyang'ana, n'kuugwira ndi chala. "Ukumva chisanu," anatero. "Amayi ankaufunditsa bulangete n'kuuika pabedi."

Bulangete limene ankanenalo linali m'mtolo wa zovala za malemu, umene ndinaumanga maliro atangotha ndipo sunkayenera kumasulidwa mpaka tsiku logawa. Ndinatenga langa. Ndinavundikira beseni ndi nsalu yoyera, n'kulikulunga, n'kuliika pabedi pamene pankafika dzuwa la pawindo. Ulendo umenewo mtanda unafufuma, koma ndinachulutsa makala pa lata, mabanzi n'kupserera pamwamba mkati musanapse. Mwana ankakumbukira zina, ine ndinkayesa zina, ndipo Loweruka lililonse linkapita motero.

Panali chinthu chimodzi chimene iye sankalola kuti ndichite. Kuyambira tsiku loyamba, ndikangotenga mchere ankandigwira dzanja.

"Mchere ndithira ine."

"Chifukwa chiyani?"

"Amayi ankandipatsa ine."

Ndinkamutsanulira pang'ono m'dzanja, iye n'kuwaza pa fulawa, n'kupukuta dzanja pa diresi. Ndinkaona ngati inali njira ya mayi ake yomusangalatsira kuti naye azimva kuti wagwira ntchito. Ine ndinakulira m'tauni kwa achimwene, kenako m'masukulu ogonera komweko. Sindinaganize china chilichonse.

Tsiku loti mawa lake tinyamuka ndinayamba m'mawa. Mkaka wofunda pang'ono, shuga ndi isiti ndinaziika m'kapu mpaka thovu litakwera. Fulawa m'beseni, mchere wa mwana uja, dzira, majarini wosungunula, kenako zam'kapu zija. Kukanda kumatopetsa mapewa. Poyamba mtanda umamata m'zala ndipo umaona ngati walakwitsa, koma ukapitiriza umayamba kuchoka wokha m'manja, n'kusalala. Pa sabata yonse, nthawi yokandayi ndi imene m'mutu mwanga munkakhala bata. Ndinkakanda kupitirira pofunika.

Utafufuma m'bulangete muja ndinaufinya kuti mpweya utuluke, n'kuuyala patebulo ndi botolo mpaka utatambalala ngati nsalu. Ndinapaka majarini, mwana n'kuwaza shuga wosakaniza ndi sinamoni, wina n'kumanyambita. Ndinapiringiza kuyambira m'mphepete monga timapindira mphasa. Podula, mpeni umaphwatalitsa, ndiye malemu ankadula ndi ulusi: kuupititsa pansi, kupingasa nsonga zake pamwamba, n'kukoka. Zimenezi anandionetsanso ndi mwanayo. Ndinandanditsa zidutswazo m'sufuriya yopaka mafuta, n'kuzisiya kuti zifufumenso mpaka zitagundana. Pansi ndinasiya makala ochepa okutidwa ndi phulusa, pa lata ndinaika ochulukirapo koma omwazika.

Fungo litayamba kudzaza nyumba ndinatuluka kukaona ngati zovala zauma pachingwe. Zinali zisanaume. Ndinaima komweko pang'ono.

Anapsa bwino tsiku limenelo, ofiirira pamwamba, ofewa mkati, shuga atasungunuka m'mizere. Tinagawana banzi limodzi, otsalawo ndinawaika m'ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivundikiro. Masana mwana anapita kukalukidwa tsitsi, ngakhale silinali Lamlungu.

M'mawa mwake tinakwera minibasi mpaka ku boma, kumene achimwene ankatidikira, ndipo kuchokera apo tinatsika ndi njinga zamoto. Mtolo wa zovala unali pa njinga ya achimwene. Ndowa ya mabanzi ndinainyamula ndekha, mwana ali pakati pa ine ndi woyendetsa. Tikamatsika, mphepo inkafunda. Titafika ku Kandeu juzi inali itayamba kundilemera.

Anatilandira bwino. Panali apongozi, azimayi angapo apachibale, ndi amalume a mkazi wanga, mwini mbumba, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito kumigodi ndipo amakonda nthabwala ngakhale pa nkhani zolemera. Anatiyalira mphasa pakhonde, n'kubweretsa tiyi. Mwana anatenga ndowa ija n'kukaitula pamaso pa agogo ake, atagwada monga ndinamuuzira.

Apongozi anavundukula, n'kukhala kanthawi akuyang'ana.

"Awa mwagula kuti?"

"Sitinagule, amayi," ndinatero.

"Nanga wawotcha ndani?"

"Adadi," anayankha mwana.

Amalume aja anasuzumira m'ndowamo. "Aphunzitsi, ndiye choko mwasiya? Alamu anga aja anafa ndi ntchito yawo, kani inakatulukira kwa mkamwini." Azimayi anaseka, achimwene nawo anaseka, ndipo ndinaona kuti tsikulo layamba bwino.

Apongozi anatenga limodzi. Sanalume. Anagwira nsonga ya kunja n'kuyamba kulimasula pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. "Bambo ake ankawotcha pa Khirisimasi," anatero, osayang'ana munthu. "Sufuriya ankabwereka kwa abusa." Kenako anamukokera mwana pafupi, n'kumugwira masaya, mikono, n'kufika kumutu.

"Wakuluka bwino chonchi ndani?"

"Anti a nyumba inayo."

"Anti ake ati?"

"Amadamu. Amandiluka Lamlungu lililonse. Dzulo anandiluka chifukwa timabwera kuno."

Apongozi anagwedeza mutu. Mwana anaona kuti onse akumvetsera iye, ndipo anafuna kuwonjezera.

"Agogo, mabanziwa inenso ndinapanga nawo. Mchere ndinathira ndine."

"Iwe?"

"Eee. Nthawi zonse ndimathira ndine. Adadi sathira."

Apongozi anaika banzi lija m'mbale. Mayi wina amene anali atatambasula dzanja analibweza pamwendo. Ndipo nthawi yomweyo mwana anatsokomola, chifuwa chake chija cha ku Mlangeni, chouma, chotenga nthawi kuti chithe.

Apa m'pamene ndinakumbukira zimene ndinazimvapo kalekale n'kuziika kutali. Munthu wamkulu akakhala kuti sayenera kugwira mchere, amaitana mwana kuti amuthirire. Mkazi amatero akakhala kumwezi. Amateronso munthu amene wagona ndi wina pa nthawi yoletsedwa, chifukwa amati wotereyo ndi wotentha, ndipo mchere wa m'dzanja lake umadula amene adye, makamaka ana: amayamba chifuwa, kenako kutupa nkhope ndi mapazi. Ndiwo mdulo. Ine ndinali wofedwa wosasudzulidwa. Sindinkayenera kukhala ndi chifukwa chothawira mchere.

Ndinazindikiranso china. Mkazi wanga, amene tinakumana ku koleji, amene ankaseka nane nkhani zambiri zakumudzi, ankasunga mwambo umenewu mwakachetechete m'nyumba mwathu momwe. Masiku ake akafika ankaitana mwana. Zaka zonse zimene tinakhala limodzi sindinazione. Ndinazimva tsiku limenelo pakhonde la mayi ake, ndipo panalibe nthawi yoti ndiziganizire.

Tiyi anatha mosakoma. Mwana anamutuma kukasewera ndi anzake, ife n'kusamukira pansi pa mtengo wa mango. Amalume sanalankhule ndi ine, analankhula ndi achimwene, monga zimakhalira.

"Ankhoswe, ife tinakonza zokamba zina. Koma tafunsani m'bale wanuyo. Mchere akuuthawa chifukwa chiyani?"

Achimwene anandiyandikira, n'kunong'ona. "Pali chimene sunandiuze?"

"Palibe."

"Mayi woluka tsitsiyo?"

"Palibe, achimwene."

Anandiyang'ana nthawi yotalikirapo kuposa mmene ndinkayembekezera. Kenako anatembenuka n'kufotokoza kuti mwana ndi amene ankapempha, potsanzira zimene mayi ake ankamuchititsa, ndipo kuti mng'ono wawo anakulira m'tauni, zimenezi sazidziwa.

"Sazidziwa," anatero amalume. "Munthu wophunzitsa ana a anthu. Chabwino. Nanga chifuwachi?"

"N'chisanu," ndinatero, ngakhale ndinauzidwa kuti ndikhale chete. "Kuchipatala tinapita."

"Kuchipatala mdulo sauona, aphunzitsi."

Mayi wina kumbali ya azimayi ananena motsitsa mawu, koma momveka, kuti paja ngakhale imfa ija anthu anadabwa nayo. Apongozi anamuyang'ana, iye n'kusiya.

Zimene ndinkafuna kunena zinali zochepa: kuti chimwalirireni mkazi wanga sindinakhudze munthu, ndipo ali moyo sindinayende kwina. Koma mawu otere mkamwini sawatchula apongozi ake atakhala pomwepo. Ndipo ngakhale ndikanawatchula, wolakwa naye akananena omwewo.

Ndinaimirira. Achimwene anandikoka buluku, koma ndinali nditaima kale.

"Amayi, ndiwo zamasana mwathira kale mchere?"

Apongozi anadabwa. "Ayi. Zikadali pamoto."

"Ndiloleni."

Mkamwini salowa m'khitchini mwa apongozi ake. Ndinalowa. Atsikana awiri amene anali mmenemo anatuluka osandiyang'ana. Pamoto panali mphika wa nyemba. Mchere unali m'chitini pakhoma. Ndinatapa ndi dzanja, osati ndi supuni, n'kuthira anthu akuona pakhomo, n'kutakasa. Ndinapungulira pang'ono m'mbale, n'kutuluka, n'kuitana mwana wanga. Ndinakhala pansi pomwepo, n'kumauzira nyembazo kuti zizizire, n'kumudyetsa monga ndinkachitira ali wamng'ono.

"Adadi, mchere mwachulutsa," anatero. Koma anadya zonse.

Ndinabwerera pamphasa. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Bambo wodziwa kuti ndi wotentha sangachite zimenezo kwa mwana wake.

Amalume anakanda chibwano. "Akanachita zimenezi munthu wakumudzi kuno, bwenzi tikuimirira, nkhani yatha," anatero. "Koma inu a sukulu mumati zonsezi n'zopanda pake. Kodi ndikunama, aphunzitsi? Inuyo mumakhulupirira kuti mchere ungadule mwana?"

Ndikanatha kunama. Ndinangoyang'ana pansi.

"Mwaona. Munthu wosauopa mchere akhoza kuthira ngakhale thumba lonse." Anatambasula dzanja n'kutenga banzi m'ndowa imene wina anali ataibweretsa pamthunzi. "Koma awa ndidya. Awa alibe vuto, anathira ndi mwana."

Ena anaseka pang'ono. Koma amalumewo ananena zoona.

Apongozi anakonza chitenje chawo, n'kulankhula akuyang'ana achimwene.

"Akhulupirire kapena asakhulupirire, mchere wathiridwa ndipo mwana wadya. Thupi lake ndi limene litiuze. Akhale kuno holide yonseyi, ndizimuona ndekha. Akatupa, sachokanso pano."

"Nanga akapanda kutupa?" anafunsa achimwene.

"Tidzakamba."

Zina zonse zinachitika monga mwa mwambo. Mtolo unamasulidwa, zovala zinagawidwa. Amalume ananena mawu ondimasula, achimwene anathokoza, ine ndinawomba m'manja pamene pankafunika. Mabanzi otsala anagawira ana. Lija la apongozi linakhalabe m'mbale pakhonde, lomasulidwa theka, mpaka pamene tinkatsanzika.

Mwana ndinamupeza kuseri kwa nyumba akusewera ndi abale ake.

"Iwe utsala kuno kwa agogo. Ine ndikubwerera."

"Mubwera liti?"

"Sukulu ikamatsegulira."

"Mankhwala anga mwasiya?"

"Ndapatsa agogo."

Anandigwira mwendo pang'ono, kenako anzake anamuitana.

Holide imeneyo ndinagona kwambiri. Kutopa kwa miyezi yonse ija kunangonditsikira nthawi imodzi, ndipo masiku ena mbaula sindinkaikoleza n'komwe. Mphunzitsi mnzanga uja anandifunsa pampanda kuti mwana ali kuti. Ndinati ali kwa agogo ake. Chifukwa chake sindinamuuze, ndipo kuyambira pamenepo moni wathu unafupika. Ndikuganiza kuti anazindikira kuti dzina lake linatchulidwa kwinakwake.

Ndinkaimba foni kudzera kwa msuweni wina wa malemu. Mwana ankandiuza za nkhuku, za kudimba, za amene wamumenya. Ine ndinkamvetsera ngati atsokomole. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti chifuwacho chinali cha chisanu. Koma ndinkadziwanso kuti mwana amatha kutupa ndi zinthu zambiri, dzino, njuchi, matenda ena alionse, ndipo chilichonse mwa zimenezi chikanakwanira. Tsiku lina ndinangozimva ndikufunsa msuweniyo kuti, "Mapazi ake ali bwanji?" Anati ali bwino, ali ndi fumbi chabe.

Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira ndinatsikanso ku Kandeu, ndekha. Kunali kutatentha. Mwana anandithamangira kuchokera kumsewu. Anali atada ndi dzuwa, atanenepa, ndipo tsitsi anali atamumeta. Ndinakhala naye pakhonde nthawi yaitali ndithu, sanatsokomole.

Apongozi anatuluka, tinalonjerana, anakhala pansi chapatali.

"Mwamuona," anatero. "Sanatupe. Chifuwanso chinatha."

"Ndaona, amayi. Zikomo."

"Za mchere zija tisazikambenso."

Ndinawomba m'manja. Kupepesa kwawo kunali komweko, ndipo sindinkayembekezera kwina.

"Koma mwaonanso kuti kuno kukumuyanja," anapitiriza. "Kumapiri kwanuko mwana amangokhalira chifuwa. Wafika kuno, wachira. Akudya. Ali ndi anzake."

Kuchira komwe kunandiyeretsa ine kunakhalanso chifukwa choti mwana atsale. Mwana anali atatsamira paphewa panga akusewera ndi wotchi yanga. Ndinaganiza zonena za sukulu, za chipatala chapafupi, za malamulo amene achimwene anandiletsa kutchula. Mphamvu yoyambira nkhani ina ndinalibe.

"Amayi," ndinatero, "m'nyumba muja ndatsala ndi yekhayu."

Apongozi anayang'ana kumsewu. "Inenso kwa mwana wanga uja ndatsala ndi yekhayu."

Anaimirira n'kulowa m'nyumba. Anakhalitsamo. Potuluka anali ndi chikwama cha mwana, ndi kathumba ka mpunga ndi mtedza.

"Mupite naye temu ino," anatero. "Akatsekera mubwere naye. Tidzaonenso."

Mpaka lero zili choncho. Palibe anandiuzapo kuti mwana ndi wanga, palibenso anandilanda. Temu ikatha ndimatsika naye, ikamayamba ndimakamupempha, ndipo apongozi amamugwira masaya ndi mikono asanandiyankhe.

Tsiku limenelo tinakwera njinga yamoto dzuwa litapendeka. Pachitunda mwana anagona, mutu wake wometawo ukugunda msana wa woyendetsa, ndiye ndinamugwira pachipumi njira yonse mpaka dzanja linachita dzanzi. Ku boma minibasi inachedwa kudzaza. Titafika kunyumba ndinamuyesa yunifomu, ndipo inali itamuthina m'khwapa. Mawa lake linali Lamlungu, telala wa pamsika satsegula, ndipo sukulu zinkatsegulira Lolemba.